Galu wa ubweya wanyankhalala uja ndi Laekenois

Owerenga wina wanditumizira imelo ndi chithunzi cha galu amene anamuona ku Brussels, likulu la dziko la Belgium. Akuti thupi lake likufanana ndi la agalu a Malinois amene apolisi amayenda nawo, koma ubweya uli nyankhalala ngati sunapesedwepo. Akufunsa ngati ndi mtundu weniweni kapena wosakanizika.

Zikomo achimwene. Ameneyo ndi Laekenois, ndipo maso anu sananame: iye ndi Malinois ndi pachibale. Ku Belgium agalu oweta nkhosa alipo a mitundu inayi, enawo ndi Groenendael ndi Tervuren. M'chaka cha 1891 Pulofesa Adolphe Reul wa pasukulu ya madokotala a ziweto ku Cureghem anasonkhanitsa agalu a abusa oposa 100, n'kuwagawa potengera ubweya: wautali, waufupi ndi wokhakhala. Wanuyo ndi wa gulu lachitatuli. Dzina lake linachokera ku Laeken, kumene kuli nyumba yachifumu, ndipo Mfumukazi Marie Henriette ankawakonda kwambiri agaluwa.

Chimene chimandikhudza ine ndi ntchito yake ina. Ku Flanders, chigawo cha kumpoto kwa Belgium, anthu ankayala nsalu za bafuta m'minda kuti ziyere ndi dzuwa, ndipo galuyu ndiye ankazilondera kuti akuba asazitole. Tangoganizani, kukhala panja usana ndi usiku, m'mame ndi m'mphepo yozizira. Ubweya wouma ngati waya uja, wa masentimita pafupifupi 6, wofiirira ndi kakuda pamlomo ndi kumchira, ndiwo unkamuteteza. N'chifukwa chake zimandipweteka ndikaona wina atamumeta ndi makina. Umamera wofewa. Ubweya wakale uja amauzula ndi zala, kawiri pachaka.

Pa nkhondo ziwiri zapadziko lonse galuyu anagwira ntchito yonyamula mauthenga, kenako anachepa kwambiri. Mpaka pano ndiye wosowa pa anayiwo, moti ku America bungwe lolembetsa mitundu ya agalu la American Kennel Club linachedwa kumuvomereza mpaka mu 2020.

Wamphongo amatalika masentimita pafupifupi 62 paphewa, kulemera makilogalamu 25 mpaka 30. Ndi watcheru, amamamatira mbuye wake, ndipo mlendo samuzolowera msanga. Ngati mukuganiza zomuweta, musamumangirire patcheni kuseri kwa nyumba. Amafuna kuthamanga ndi kuphunzitsidwa tsiku lililonse, komanso kuzolowetsedwa anthu ndi ana akadali kamwana.