Nitrox ku Sodwana: itengeni, koma dziwani chimene mukugula

Achimwene, mwati mukuchoka ku Johannesburg kupita ku Sodwana Bay, malo odaivira a m'mphepete mwa nyanja ku South Africa konko, kwa masiku anayi, madaivi atatu pa tsiku, ndipo a shopu akufunsani ngati mukufuna masilinda a nitrox, mpweya wokhala ndi okosijeni wochuluka kuposa wamba, pa mtengo wowonjezera. Mwatinso anzanu akuuzani kuti nitrox sitopetsa thupi, komanso kuti munthu amatsika nayo pansi kwambiri. Ine ndikuti itengeni ngati muli ndi satifiketi yake, koma osati pa zifukwa ziwiri zimenezo, ndiponso osati pa daivi iliyonse.

Ndiyambe ndi nkhani ya kuzama chifukwa imeneyo ndi ya moyo. Mpweya wamba uli ndi okosijeni 21 peresenti, wotsalawo pafupifupi wonse ndi nayitirojeni. Nitrox ya m'mashopu kawirikawiri imakhala ndi okosijeni 32 kapena 36 peresenti. Mukamatsika, madzi amapanikiza mpweya umene mukupuma, ndipo okosijeni akapyola muyezo m'thupi amasokoneza ubongo. Munthu amatha kukomoka n'kumaphupha ali pansi pa madzi, chopumira (regulator) n'kuchoka mkamwa, n'kumira. Nthawi zina zizindikiro zimayamba zabwera, monga kunjenjemera kwa milomo, kulira kwa m'makutu, nseru kapena chizungulire, koma nthawi zina sizibwera n'komwe. N'chifukwa chake tili ndi malire a 1.4 bar a okosijeni (bar ndi muyezo wa kupanikiza kwa mpweya). Pa nitrox ya 32 malire amenewa mumawafika pa mamita 33, ndipo pa ya 36 mumawafika pa mamita 28. Pa mpweya wamba mungawafike mutapyola mamita 56, kutali kwambiri ndi mamita 40 amene ife odaiva mongosangalala timalekezera. Choncho nitrox imakuchepetserani kuzama, siikuwonjezerani. Ngakhale kaledzera kaja kamene kamagwira munthu cha m'ma mamita 30 musayembekezere kuti nitrox ikachotsa. Amene anakuuzani za kuzamawo chonde mukawauze zimenezi asanalowenso m'madzi.

Za kutopa, anthu ambiri amanenadi kuti amatuluka ali bwino akapuma nitrox, ndipo sindingawatsutse pa zimene akumva m'thupi mwawo. Koma mu 2003 ku Adelaide, ku Australia, ofufuza anaika anthu m'chipinda chopanikiza mpweya ngati ali pa mamita 18 kwa mphindi 40, nthawi ina akupuma mpweya wamba, nthawi ina nitrox ya 36, osadziwa kuti akupuma chiyani. Pa kutopa sanapeze kusiyana. Musalipire ndalama zanu poyembekezera zimenezo. Zikachitika, mwayi wanu.

Chimene nitrox imachitadi ndi chimodzi basi: mpweya uliwonse umene mwakoka uli ndi nayitirojeni wochepa, ndiye thupi limamwa wochepa. Nitrox ya 32 pa mamita 30, thupi limamwa nayitirojeni ngati muli pa mamita 24 ndi mpweya wamba. Pa mamita 18 limamwa ngati muli pa 14. Matebulo a PADI, bungwe lophunzitsa kudaiva, amaonetsa bwino zimenezi. Pa mamita 18 mpweya wamba umakupatsani mphindi 56 musanafike pa malire ofuna kuima mokakamizidwa pokwera, pamene nitrox ya 32 imakupatsani 95. Pa mamita 30 ndi mphindi 20 kwa 30. Izi si zatsopano ayi. Bungwe la NOAA ku America linasindikiza matebulo a nitrox ya 32 mu 1979, ndipo PADI inayamba kuphunzitsa kosi yake mu 1996, patapita zaka zambiri anthu akukangana ngati ndi yoyenera odaiva wamba.

Tsono apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Mphindi 95 zimenezo n'zapapepala. Nitrox siichedwetsa kutha kwa silinda, mumapuma chimodzimodzi. Tiyerekeze silinda ya malita 12 yodzazidwa 200 bar, ndipo mukufuna kutuluka ndi 50 bar. Mpweya woti mugwiritse ntchito ndi malita 1,800. Ngati pamtunda mumapuma malita 20 pa mphindi, pa mamita 18 mudzapuma 56, ndiye kuti silinda yatha pa mphindi 32. Ngakhale wopuma mofatsa wa malita 15 afika mphindi 43 zokha. Onse awiri akwera asanayandikire n'komwe mphindi 56 za mpweya wamba. Pa daivi yoyamba ya tsiku, pa malo osazama, nitrox siikuwonjezerani ngakhale mphindi imodzi pansi.

Nkhani imasintha pa daivi yachiwiri ndi yachitatu, ndipo funso lanu lagona pamenepa. Nayitirojeni amene munamwa m'mawa satha pa ola limodzi kapena awiri amene mwapuma pamchenga. Daivi yachiwiri mumaiyamba muli kale ndi ngongole, yachitatu ngongoleyo yakula, ndipo minofu imene imamwa pang'onopang'ono imabwezanso pang'onopang'ono, kotero kuti pofika tsiku lachitatu simuyamba m'mawa muli oyera ngati tsiku loyamba. Apa ndi pamene mumaona kompyuta ya pamkono ikukuuzani kuti zatsala mphindi zisanu pamene geji ikusonyeza kuti silinda ikadali pa 110 bar. Mumayamba kukwera pang'onopang'ono kusiya anzanu pansi, osati chifukwa mpweya watha koma chifukwa thupi ladzadza. Ngati zimenezi zinakuchitikiranipo, nitrox ndi yanu. Ngati nthawi zonse mumakhala oyamba kuonetsa chizindikiro cha 50 bar, ndiye kuti chimene chimakutulutsani m'madzi ndi silinda, ndipo phindu la nitrox kwa inu lili pa mbali ina imene ndikufuna ndifotokoze bwino.

Pali njira ziwiri zogwiritsira ntchito nitrox, ndipo simungatenge phindu lonse la ziwirizo nthawi imodzi. Yoyamba ndi kuuza kompyuta kuti muli pa 32, n'kukhala pansi mpaka pafupi ndi malire atsopanowo. Mukatero mwagula nthawi, koma mukutuluka ndi nayitirojeni wofanana ndi wa munthu amene wafika pa malire a mpweya wamba. Chiopsezo cha matenda aja timawatcha bends, amene amabwera nayitirojeni akapanga thovu m'thupi pokwera, sichinatsike. Njira yachiwiri ndi kupuma nitrox koma n'kumatsata nthawi za mpweya wamba. Apo simunawonjezere mphindi, koma mukutuluka muli kutali ndi malire. Pa ulendo wa madaivi khumi ndi awiri m'masiku anayi, ine mtima wanga uli pa njira yachiwiriyi, makamaka kwa munthu amene zaka zapitako, wonenepa, kapena amene wakhala miyezi yambiri osalowa m'madzi. Ena amachita zimenezi posiya kompyuta pa 21 peresenti. Vuto lake ndi lakuti kompyutayo siidzakuchenjezani mukapyola mamita 33, ndipo siidzawerenga okosijeni molondola. Ndi bwino kuiuza zoona kuti muli pa 32, kenako n'kuiika pa mulingo wosamala kwambiri, kapena kungodziikira lamulo lakuti simulola nambala ya mphindi zotsala itsike kupyola 10.

Ku Sodwana kweniko ndingagawe chonchi. Malo ambiri odaivira a pa matanthwe a Two Mile ndi osazama, cha m'ma mamita 12 mpaka 16. Pa mamita 12 tebulo limapereka mphindi 147 pa mpweya wamba, ndiye kumeneko mpweya wamba ukukwanirani, sungani ndalama. Pa Five Mile ndi Seven Mile, kumene mumakhala nthawi yaitali cha m'ma mamita 20 kapena kupyolapo, nitrox ya 32 ndi yoyenera mtengo wake. Pakati pa mamita 18 ndi 30 ndi pamene mpweya umenewu umagwira ntchito yake yeniyeni. Ngati thumba likulola masilinda ochepa okha, aikeni pa madaivi ozamawo ndi pa masiku awiri omaliza. Funsaninso kuti mnzanu wodaiva naye ali pa chiyani. Iye akakhala pa mpweya wamba, kompyuta yake ndiyo ilamule nonse, mukwera limodzi.

Silinda iliyonse ya nitrox muziipima nokha ndi analyser, kachipangizo kopimira okosijeni, ndi maso anu. Yambani mwaonetsetsa kuti kachipangizoko kakuwerenga 20.9 pa mpweya wa panja, kenako pimani silinda, lembani peresenti, malire a kuzama ndi dzina lanu pa tepi, n'kuika nambala yomweyo mu kompyuta. Musakhulupirire chomata chobiriwira ndi chachikasu chokha. Pa boti lodzadza anthu, masilinda amasinthana mosavuta. Onaninso kompyuta musanalowe m'madzi nthawi iliyonse, chifukwa ena mwa makompyuta amabwerera okha pa 21 pakapita maola, ndipo choopsa kwambiri ndi kulowa ndi mpweya wamba kompyuta ikuganiza kuti mukadali pa 32. Idzakupatsani mphindi zimene mulibe. Kompyutayo ikhale yanu yokha ulendo wonse, osabwereketsa. Za kuchulukana kwa okosijeni pa tsiku, malire a NOAA pa 1.4 bar ndi mphindi 150 pa daivi imodzi ndi 180 pa maola 24. Madaivi atatu a pa mamita 20 sayandikira pamenepo, komabe muziyang'ana nambala ya CNS pa kompyuta, imene imaonetsa mmene mwayandikirira malire a okosijeniwo. Ngati satifiketi mulibe, kosi yake ndi yaifupi, imatheka tsiku limodzi, ndipo shopu yabwino siingakupatseni silinda popanda iyo.

Chimene simunafunse koma chikundidetsa nkhawa ndi ulendo wobwerera. Johannesburg ili pa mamita pafupifupi 1,750 pamwamba pa nyanja, ndipo msewu wodzera ku Pongola ndi Ermelo umakukwezani m'maola ochepa. Kwa thupi lodzadza nayitirojeni, kukwera kumeneko sikusiyana kwenikweni ndi kukwera ndege. Malangizo a DAN, bungwe loona za chitetezo cha odaiva, okhudza ndege amati dikirani maola osachepera 12 mukachita daivi imodzi, ndi osachepera 18 mukachita madaivi obwerezabwereza kapena a masiku angapo. Nitrox siifupikitsa maola amenewa. Amene munaphunzirira ku Nkhata Bay mukuidziwa nkhaniyi, poti Nyanja ya Malawi ili kale pa mamita pafupifupi 500, pamwamba pa mamita 300 pamene malamulo a kudaiva malo okwera amayambira, ndipo msewu wopita ku Mzuzu umakwera kupyola mamita 1,200. Chimodzimodzi kuchoka ku Cape Maclear kudzera ku Golomoti kukwera ku Dedza. Konzani kuti daivi yomaliza ikhale yosazama, ithe masana a tsiku lachinayi, mugone ku Sodwana konko, munyamuke m'mawa mwake. Mukamva kupweteka kwa m'mfundo, dzanzi, kufooka kwachilendo kapena chizungulire panjira, musapitirize kukwera. Imbirani DAN pa nambala yawo ya ngozi, imene muyenera kuisunga mu foni musananyamuke, ndipo pitani ku chipatala chapafupi mukawauze kuti mwakhala mukudaiva.