Bwanji aliyense akuyimba zake?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina woyimba alto m'kwaya ya kuparishi kwawo. Anamvera Misa ya Palestrina, katswiri wopeka nyimbo za Mpingo wa ku Italy wa m'zaka za m'ma 1500, pa YouTube, inawakomera, koma mawu sanawagwire. Akuti: "Zikumveka ngati aliyense akuyimba zake. Ndinamvanso zoti Mpingo unafuna kuletsa kayimbidwe kameneka. N'zoona?"

Mayi, makutu anu sanakunamizeni. Aliyense akuyimbadi zake, ndipo n'chadala. M'makwaya mwathumu tinazolowera kuti soprano ndiye mwini nyimbo, enafe ndife operekeza. Ku Roma m'zaka za m'ma 1500 woperekeza kunalibe. Gulu limodzi limayamba kachingwe ka nyimbo, lisanafike patali lina n'kukayamba komweko pamwamba kapena pansi, lachitatu n'kutsatira, mpaka onse alukana ngati mkeka.

Tengani Misa ya Palestrina yotchedwa Missa Papae Marcelli, yomwe inasindikizidwa mu 1567. Dzinali ndi la Papa Marcellus II, amene anakhala pampando masabata atatu okha mu 1555. Magulu a oyimba ndi asanu ndi limodzi: soprano, alto, ma tenor awiri ndi mabesi awiri. Mu Kyrie mawu ndi ochepa, "Ambuye mutichitire chisoni" m'Chigiriki, ndiye Palestrina akusewera nawo mtima uli m'malo. Mvetserani momwe liwu limalumphira m'mwamba kenaka n'kumatsika pang'onopang'ono ngati munthu wotsika chulu atasenza mtsuko. Musalimbane n'kumva onse nthawi imodzi. Gwirani alto wanu, mumutsate mpaka kumapeto, mawa mudzatsate besi. Ine besi wachiwiri amanditayabe mpaka lero.

Mukatero dumphani mufike pa Credo, pemphero la "Ndikhulupirira Mulungu mmodzi". Wansembe akangoti "Credo in unum Deum", kwaya imalandira, ndipo malo ambiri oyimba amatchula mawu limodzi, moti ngakhale wosadziwa Chilatini amamva pamene liwu lathera. Pemphero lalitali chotere, kuti aliluke ngati Kyrie, palibe akanatolapo kanthu.

Za kuletsazo, choonadi chilipo koma n'chochepa. Msonkhano waukulu wa maepiskopi wa ku Trent, umene unachitika kuyambira 1545 mpaka 1563, unakambadi za nyimbo, ndipo mu 1562 unalamula kuti zonyansa ndi zodzutsa zilakolako zisamveke m'tchalitchi. Madandaulo analipo, pakuti akatswiri ngati Dufay ndi Josquin des Prez ankamanga Misa yonse pa nyimbo ya kudziko, monga ija yonena za munthu wonyamula zida, L'homme armé. Koma nkhani yoti Misa imodzi ya Palestrina inafewetsa mitima ya makadinala n'kupulumutsa kayimbidwe konse ndi nthano yomwe inakula iye atamwalira kale mu 1594.

Kumene Misa inaletsedwa zenizeni ndi ku England, nthawi ya Mfumukazi Elizabeth I. William Byrd, wopeka nyimbo wa komweko, analemba Misa zitatu, ya magulu atatu, anayi ndi asanu, zosindikizidwa m'ma 1590 popanda tsamba la mutu, ndipo Akatolika ankaziyimba mobisa m'nyumba za anthu. Ngati kwaya yanu ikufuna kuyesa, yambani ndi Kyrie ya magulu atatuyo, ndi yaifupi kwabasi.