Yankho kwa msuweni wa ku Joni pa nkhani ya mvula

Eee, msuweni, uthenga wako ndauona pagulupu. Akuti "kodi a zanyengo akuti mvula ikhala bwanji chaka chino?" Iweyo? Wayamba liti kufunsa za mvula, munthu woti khasu unalithawa uli Sitandade 6? Hahaha. Ayi, ndakumva ine. Ukufuna kudziwa ngati ndalama ya feteleza wa agogo uitumize kapena uyambe wakhala nayo kaye. Usakane.

Chabwino. A zanyengo anena kuti chaka chino cha 2023 kuli El Niño, kumene ndi kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific. Madzi a nyanja ya Pacific akatentha kuposa nthawi zonse, ife kum'mwera kuno mvula imachepa, pomwe kumpoto, uko kwa Karonga, nthawi zambiri imachuluka. Kungoti anthu kuno sakukhulupirira, poti Malichi yemweyu namondwe Freddy anatisambitsa mpaka kukokolola midzi ku Mulanje ndi ku Chilobwe. Ndiye ukati chilala amangokuseka.

Dikira kaye, mwanayu... iwe, tseka chitseko nkhuku zikulowa!

Eya. Ukukumbuka amalume a ku Phalula mu 2016? Ayi, kubzalako kunali 2015, njala ndiyo ya 2016, ija a Mutharika analengeza mu Epulo kuti dziko lili pa ngozi. El Niño yemweyu. Amalume wailesi sankaimvera, ankati bondo lawo ndiye limadziwa mvula. Itangogwa chizimalupsa, ija yongozimitsa fumbi mu Okutobala, iwo bondo lawawa, basi m'mawa ali kumunda ndi mbewu yonse. Chimanga chinamera bwinobwino, kenako dzuwa lija linachiwotcha chonse. Anagulitsa mbuzi, ija ya nkhani ija, tisayambenso, n'kugula mbewu ina. Chachiwirichi chinafika pomasula, anathira ndi feteleza yemwe, ndiye ng'amba inabwera. Chimanga chikamasula n'kusowa madzi milungu iwiri kapena itatu, kwatha, ngakhale mvula ibwere yambiri pambuyo. Azakhali anali atabzala mapira ndi nandolo m'mphepete, amalume n'kumawanena kuti akulima chakudya cha mbalame. Mapira omwewo ndi amene anawadyetsa. Mpaka lero ukawafunsa amati bondo silinaname, inachedwa ndi mvula. Hahaha, amalume aja!

Ndimati chiyani... eya. Zimene a zanyengo amanenazi ndi za mvula ya nyengo yonse, sangakuuze kuti ku Balaka idzadula tsiku lakuti. Choopsa ndi kudulako, mu Januwale kapena Febuluwale. Ndiye ndalamayo tumiza, koma isathere ku feteleza yonse. Tigule mbewu ya chimanga yocha msanga, ngati kanyani, tipezeko mbewu ya chinangwa ndi kholowa wa mbatata, yotsalayo tigule matumba a chimanga panopa chisanakwere. Pofika Febuluwale mtengo umakhala wina, ndipo ku ADMARC mzere wake umaudziwa.

Wamva? Tumiza panopa, tiigawe: mbewu, feteleza pang'ono, chimanga chosunga. Osadikira kuti uone kaye ngati igwe, nthawi imeneyo mavenda adzakhala atakweza kale.

Ndipo utumize kwa ine, osati kwa uja wa njinga uja, ukudziwa. Panopa, msuweni, mwezi uno usanathe, ndipo yonse isapite ku feteleza. Jekete yanga ija ndikuidikirabe. Agogo akupereka moni, akuti kodi ku Joni kulibe mafoni?