Mutu wowawa akaimirira, woleka akagona

Mayi wina wa ku Mufakose, ku Harare, wandilembera imelo. Mwana wake wamkazi wa zaka 9 anamuika shanti, kapaipi kotulutsa madzi, ali khanda chifukwa cha madzi ochuluka m'mutu. Masiku ano akaweruka kusukulu amafika akulira mutu, nthawi zina kusanza kumene, koma akagona kanthawi amadzuka n'kuyamba kusewera. Azakhali ake akuti ndi ulesi. Mayiyo akufunsa ngati shanti yatsekeka.

Mayi, mwanayo sakunamizira. Ambirife timaopa kutsekeka, koma mmene mwafotokozeramu n'kutheka kuti shantiyo ikutulutsa madzi ambiri kuposa oyenera.

Ubongo umapanga madzi ake tsiku lililonse, pafupifupi theka la lita kwa munthu wamkulu, ndipo madziwo ndi amene amautchinjiriza m'chigaza. Shanti ndi kapaipi kochokera m'timphako ta mkati mwa ubongo, kodutsa kuseri kwa khutu pansi pa khungu mpaka m'mimba. Mwana akaimirira, mutu umakhala pamwamba mimba pansi, ndiye kapaipi kamakoka madzi monga timachitira potunga m'diramu ndi paipi, kuti akangoyamba kutsika saleka okha. Valavu yake, kachipangizo kolamulira kuchuluka kwa madzi odutsa, ikalephera kuwaletsa, madzi amachepa m'mutu, mutu n'kuyamba kuwawa. Akagona kukokako kumatha.

Chimene chimandidetsa nkhawa si mutu wokhawo. Ubongo ukaphwera umasiyana pang'ono ndi chigaza, ndipo timitsempha ta magazi ta pakati pake timakokeka mpaka kuduka. Magazi amaundana pamenepo mwakachetechete, ngakhale munthu atangogunda mutu pang'ono. Zimenezi zimachitika kwambiri kwa agogo amene anaikidwa shanti atakalamba. Kwa ana ngati wanuyu, amene akula nayo, timphako tija timatha kufinyika mpaka makoma ake kumamatira pa timabowo ta kapaipi. Kamatsekeka, kenako n'kutseguka, ndipo mutu umabwera n'kupita. Pa sikani timphako timaoneka tating'ono, moti munthu angaganize kuti zonse zili bwino. N'chifukwa chake zimene mumaona kunyumba n'zofunika kwambiri kwa dokotala.

Ena amene muli ndi makanda a shanti, yang'anani liwombo. Likalowa kwambiri mukam'khazika mwana, kapena mafupa a mutu akamakwerana, pitani kuchipatala, musapakepo mankhwala achikuda. Kutsegula m'mimba nako kumalowetsa liwombo, koma konseko n'kofuna chipatala.

Mayi, tengani kope muzilemba nthawi imene mutu wayamba, ngati anali choimirira, ndiponso ngati waleka atagona. Pitani nalo kwa madokotala a opaleshoni ya ubongo, kuchipatala cha Parirenyatwa alipo, ndipo musasiye khadi ndi masikani akale. Kafufumidwe ka kuseri kwa khutu, pamene pali valavu, musamakadinedine, chifukwa mungakankhe madzi enanso.

Chithandizo chilipo. Mavalavu ena dokotala amawasintha mphamvu ndi maginito popanda kung'amba. Koma mashanti ambiri kuno, monga a Chhabra ochokera ku India, sasinthika choncho. Pamafunika opaleshoni yoika valavu ina kapena kachipangizo koletsa kukoka kuja.

Musadikire tsiku la kiliniki ngati mwana akuwodzera mosadzutsika, akusanza mobwerezabwereza, wakomoka, mbali imodzi yafooka, kapena mutu sukulekanso ngakhale atagona. Pamenepo nyamukani tsiku lomwelo, usiku kaya masana. Auzeninso aphunzitsi ake kuti mutu ukayamba azimulola kugona pansi kanthawi.