Za nsanja ya nyali ya pa Stannard Rock

Achimwene a ku Rosettenville kuno ku Joni, mwafunsa ngati mungathe kukaona nsanja ya nyali yochenjeza sitima za pamadzi ya pa Stannard Rock mukapita kukacheza kwa mwana wanu ku Michigan, ku America, komanso ngati amalola kukwera pamwamba pake. Kukaiona n'kotheka, koma kulowa m'kati ayi, anatseka. Ndipo musautenge ngati ulendo wa Loweruka wokaotcha nyama ku Hartbeespoort.

Nsanjayi ili pakati pa nyanja ya Superior, makilomita pafupifupi 70 kumpoto kwa tauni ya Marquette, ndipo mtunda woyandikira kwambiri uli pa makilomita 39. Nyanjayo kutambalala kwake yatsala pang'ono kupinda katatu nyanja yathu ya Malawi. Pamalopo pali phiri la miyala lobisala m'madzi, nsonga yake imangotsala mita imodzi ndi pang'ono kuti itulukire, chonsecho lili pafupi ndi njira ya sitima zonyamula katundu. Kaputeni Charles Stannard ndiye analitulukira mu 1835. Ntchito yomanga inayamba mu 1877, nyali n'kudzayaka mu 1882, chifukwa mafunde ndi madzi oundana ankangophwasula zimene amisiri amanga.

Chimene chimandikhudza ine ndi anthu amene ankalonda nyaliyo. Amuna okhaokha, opanda mkazi kapena mwana, miyezi n'kumatha osaponda dothi. Mu June 1961 mafuta amene ankasungira pamenepo anaphulika, mmodzi anamwalira, ndipo atatu otsalawo anakhala masiku atatu panja pa nsanja, mphepo ikuwakwapula, mpaka sitima yotchedwa Woodrush inadzawapeza. Kuyambira 1962 nyali imadziyatsa yokha, palibenso wogonapo.

Njira yofikirako ndi kuchita hayala boti la asodzi ku Marquette, popeza ambiri amapita kumeneko kukawedza nsomba zikuluzikulu zimene zimasonkhana pa miyalayo. Ine ndinapita choncho. Mumanyamuka mbandakucha, mtunda n'kuzimirira kumbuyo, kwa nthawi yaitali osaona kanthu koma madzi. Kenako patsogolo pamatulukira kadontho kotuwa, n'kumakula mpaka mwafika patsinde pa chinsanja cha miyala, zitosi za mbalame zili mbuu, zitsulo zake zitadyeka ndi dzimbiri. Woyendetsa boti amachepetsa liwiro, maso ali pa makina oyezera kuya kwa madzi, ndipo mukasuzumira pansi miyala ija mumaiona bwinobwino. Aliyense m'botimo anasiya zocheza.

Konzani ulendo pakati pa June ndi August. Kuno ku Joni timakhala tikunjenjemera, koma kumeneko ndi nyengo yotentha. Ngakhale zili choncho tengani jekete lochindikala, madzi a nyanja imeneyo satenthera. Mapiritsi oletsa kusanza imwani musanakwere, osati mseru utayamba kale.

Tsono mundimvere apa. Woyendetsa boti akanena kuti lero sitinyamuka, musakakamire ati poti mwachokera kutali ndipo mwaononga ndalama zambiri. Ife okulira ku Monkey Bay tikudziwa zimene mwera umachita, ngakhale Ilala imene imavina nawo. Sitima ya Vipya inamira mu July 1946 kufupi ndi Chilumba, anthu 145 n'kutsikira kuli chete, pa nyanja yathu yomwe ija timati n'njokoma. Superior nayo inameza sitima yaikulu ya Edmund Fitzgerald mu November 1975 pamodzi ndi anthu onse 29. Choncho patulani masiku angapo ku Marquette kuti tsiku lina likakanika muyese lina, ndipo musanapereke ndalama gwirizanani kuti nyanja ikawinduka adzakubwezerani kapena kukusinthirani tsiku. Funsaninso za majekete oyandamitsa, aliyense akhale nalo lake.

Zikakanikiratu, musadandaule kwambiri. Galasi lalikulu limene linkawalitsa nyaliyo analichotsa, lili ku Marquette Maritime Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale m'tauni momwemo, ndipo ana ndi mayi akunyumba akhoza kukaliona osakwera boti.