Kodi aphungu angathe kuchotsa nduna yomwe yalephera ntchito?

Mayi wina wa ku Mchinji, yemwe ali mu komiti ya chitukuko ya m'dera lawo, watitumizira imelo yokhala ndi funso lomwe anthu ambiri amadzifunsa. Phungu wawo adaimirira m'Nyumba ya Malamulo kufunsa nduna za mlatho womwe udakokoloka ndi madzi. Nduna idayankha kuti boma likudziwa za vutoli ndipo mlathowo umangidwa ndalama zikapezeka. Padutsa madzinja awiri, ana asukulu akuwolokabe mtsinje pamiyendo. Mayiwa akufuna kudziwa ngati aphungu ali ndi mphamvu yochotsa nduna yotere, ndipo ngati alibe, phindu la mafunso omwe amafunsa n'chiyani.

Mayi, aphungu a dziko lino sangachotse nduna pa mpando. Malamulo aakulu a dziko lino, omwe adayamba kugwira ntchito mu 1994, adapereka mphamvu yosankha nduna kwa Pulezidenti mu gawo 94, ndipo yozichotsa ili ndi iye yemweyo mu gawo 95. Gawo 97 limanena mosabisa kuti pa kayendetsedwe ka unduna wake, nduna imayankha kwa Pulezidenti. Nduna sidutsanso m'manja mwa aphungu kuti aivomereze isanayambe ntchito, monga amachitira ndi mkulu wa bungwe lothana ndi katangale la ACB kapena akazembe, ndipo munthu atha kukhala nduna asali phungu n'komwe. Ku Britain n'zosiyana, chifukwa kumeneko boma limakhalapo pokhapokha aphungu ambiri akulikhulupirira, ndipo akavota kuti alibe nalo chikhulupiriro limagwa. Kuno Pulezidenti amasankhidwa ndi anthu payekha, choncho nduna zake zimapachikika pa iye.

Zimenezi sizikutanthauza kuti aphungu alibe pogwira. Gawo 96 limalamula nduna kupezeka m'Nyumba ya Malamulo kuti ziyankhe mafunso ndi kutenga nawo mbali pa zokambirana zokhudza mfundo za boma. Gawo 60 limapatsa Nyumbayi ndi makomiti ake mphamvu yofufuza nkhani ndi kuitanitsa munthu aliyense, posayang'ana udindo wake. Ndipo boma silingatape ndalama m'thumba la dziko aphungu asanavomereze. Mphamvu ya aphungu yagona pa zitatuzi: kukakamiza nduna kuyankhula poyera, kufukula zomwe zabisidwa, ndi kugwira chingwe cha thumba. Vuto lalikulu lomwe timaliona n'lakuti zida zimenezi zimagwiritsidwa ntchito theka, kenako n'kusiyidwa.

Tiyambe ndi funso, poti ndilo lakupwetekani mtima. Phungu amalemba funso lake n'kulipereka ku ofesi ya Mlembi wa Nyumba ya Malamulo. Kumeneko amaliunika ngati likutsata malamulo a Nyumbayi, n'kulitumiza ku unduna woyenera. Akuluakulu a ku undunako ndiwo amalemba yankho, ndipo tsiku lomwe funsolo laikidwa pa mndandanda wa zokambirana, nduna imawerenga zomwe yalemberedwazo. Ikamaliza, Sipikala amalola mafunso owonjezera. Apa ndiye pali mnofu wa nkhani, chifukwa funso lowonjezera nduna simalidziwiratu, imayenera kuyankha kuchokera m'mutu.

Mpata umenewu umatayika kawirikawiri. Phungu wa ku Mchinji akafunsa za mlatho, wa ku Nsanje amaimirira n'kunena kuti kwawonso kuli mlatho wogumuka, wa ku Karonga nayenso chimodzimodzi. Nduna imamasuka, n'kuyankha onse ndi mawu amodzi akuti yamva ndipo itumiza akatswiri akaone. Palibe yemwe waipanikiza pa funso loyamba lija. Chachiwiri ndi kalembedwe ka funso. Mafunso ambiri amakhala opempha: kodi nduna ingaganizireko zomanga mlatho pa mtsinje wakuti? Funso lotere yankho lake n'lodziwikiratu, ndilo lija mudalimva. Phungu wodziwa ntchito amafunsa zinthu zomwe sizingayankhidwe ndi lonjezo: kodi mlathowu uli mu bajeti ya chaka chino, pa voti (gawo la bajeti) iti, ndalama zake ndi zingati, zomwe zatuluka kale ku Thumba la boma ndi zingati, kontilakitala ndani, adasainirana liti, ntchito iyenera kutha mwezi uti. Nduna ikanena kuti mulibe mu bajeti, mwadziwa zoona ndipo nkhondo yasamukira ku bajeti yotsatira. Ikanena kuti ndalama zidatuluka, funso lotsatira n'lakuti zidapita kuti.

Palinso zina zomwe zimafoola mafunso. Nyumbayi sikumana chaka chonse, aphungu ndi ambiri (kuchoka pa 193 adafika pa 229 pa chisankho cha 2025), ndiye mafunso amaunjikana, ena amayankhidwa nkhani itazizira kale. Nthawi zina nduna imakhala kulibe, funso n'kukankhidwira tsiku lina. Ndipo funso likalunjikidwa ku unduna wolakwika limabwerera lopanda kanthu. Misewu ikuluikulu ili m'manja mwa Roads Authority pansi pa unduna wa zamtengatenga, pomwe timisewu tambiri ta m'midzi tili m'manja mwa khonsolo ya boma. Musanapite kwa phungu, fufuzani kaye kuti mlatho wanuwo mwini wake ndani.

Komabe lonjezo lomwe nduna yapereka m'Nyumbamo silofanana ndi la pa msonkhano wa ndale. Mawu onse oyankhulidwa mmenemo amalembedwa m'buku lotchedwa Hansard, ndipo pali komiti yapadera yomwe ntchito yake ndi kulondoloza malonjezo omwe boma lapereka m'Nyumbayi. Phungu wanu atha kutengera lonjezo lija ku komiti imeneyi, ndi tsiku lake ndi mawu ake, kuti unduna ukafotokoze pomwe wafika. Aphungu ochepa okha ndiwo amafika pamenepa, ndipo ife tikuona kuti apa ndi pomwe anthu akumudzi ayenera kuwakankhira.

Ntchito yolemera kwenikweni imachitikira m'makomiti. M'chipinda chachikulu muja mumachuluka kukuwizana kwa zipani, koma mu komiti aphungu ochepa a zipani zosiyana amakhala ndi mapepala patebulo, n'kumufunsa munthu mmodzi kwa maola angapo. Komiti yoona za momwe ndalama za boma zagwiritsidwira ntchito, yomwe mwamwambo wapampando wake amachokera ku mbali yotsutsa boma, imatenga lipoti la mkulu wolondoloza ndalama za boma n'kuitana alembi aakulu a maunduna ndi mabwanamkubwa kuti afotokoze ndalama zomwe zilibe malisiti, katundu yemwe adalipiridwa koma sadafike, ndi ntchito zomwe zidasiyidwa panjira. Dziwani kuti pa nkhani ya ndalama, woyankha pamaso pa komiti ndi mlembi wamkulu, poti ndiye amasainira ndalama za unduna. Nduna imayankha pa mfundo ndi pa chisankho cha ndale. Kusiyana kumeneku kumapereka pothawira: nduna imati ine sindisaina macheke, mlembi wamkulu amati ine ndimangotsata zomwe akuluakulu alamula. Komiti yanzeru imafuna makalata ndi mamemo osonyeza yemwe adalamula.

Chitsanzo chooneka bwino ndi nkhani ya chimanga cha ku Zambia. Mu 2016 kudali njala, ndipo bungwe la ADMARC lidakonza zogula chimanga kuchokera ku Zambia. Kutabuka mphekesera zoti kagulidwe kake kadali ndi chinyengo, komiti ya zaulimi ndi ya zandalama za boma zidaphatikizana, motsogozedwa ndi a Joseph Chidanti Malunga, n'kuyamba kufunsa anthu poyera kumayambiriro kwa 2017. Pulezidenti Peter Mutharika adakhazikitsanso komiti yake yofufuza, yomwe adaitsogolera a Anastasia Msosa, omwe adakhalapo mkulu wa makhoti. Mabungwe omwe si aboma adapita kukhoti, ACB idachita chipikisheni kunyumba kwa nduna ya zaulimi a George Chaponda, ndipo mu Febuluwale 2017 Pulezidenti adawachotsa. Mu 2018 khoti lidawapeza osalakwa pa milandu yomwe adawazenga. Onani kayendedwe kake: aphungu sadachotse nduna, komanso sadaweruze mlandu. Adatulutsira nkhani pabwalo mpaka kusunga ndunayo kudayamba kumulemera Pulezidenti.

Zofanana zidachitika mu 2022, pomwe zidadziwika kuti ndalama pafupifupi K750 miliyoni za feteleza wa pulogalamu ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP zidalipiridwa ku kampani ya ku Britain yotchedwa Barkaat Foods, yomwe sidabweretse fetelezayo. Komiti ya zaulimi, wapampando wake ali a Sameer Suleman, idaikoka nkhaniyi mwamphamvu, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho Pulezidenti Lazarus Chakwera adachotsa nduna ya zaulimi a Lobin Lowe pamodzi ndi wachiwiri wawo. Apanso cholembera chomaliza chidali m'manja mwa Pulezidenti.

Makomiti ali ndi zofooka zawo, ndipo sitikufuna kukubisirani. Lipoti la komiti, ngakhale Nyumba yonse italivomereza, limakhala malangizo chabe; woti amange munthu ndi apolisi kapena ACB, woti achotse munthu ntchito ndi boma lomwelo. Malipoti olondoloza ndalama amafika mochedwa, moti komiti imapezeka ikufunsa mlembi wamkulu watsopano za ndalama zomwe zidasowa iye asanabwere. Ndalama zoti makomiti akumanire zimachokera ku Thumba la boma, ndiye zikachedwa, kafukufuku amaima. Nkhani ya Cashgate ya mu 2013, pomwe kafukufuku wa kampani ya Baker Tilly adapeza kuti pafupifupi K24 biliyoni idabedwa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, sidatulukire mu komiti ya aphungu. Idaphulika a Paul Mphwiyo, omwe adali mkulu woona za bajeti, ataomberedwa mu Seputembala chaka chimenecho, ndipo Pulezidenti Joyce Banda adathetsa nduna zake zonse mwezi wotsatira. Ndalama zochuluka chonchi kutuluka aphungu osadziwa ndi umboni woti kulondoloza kwa chaka ndi chaka kudali kutagona.

Chida chomwe nduna zimachiopa kwambiri ndi bajeti. Chaka cha boma cha zachuma tsopano chimayamba pa 1 Epulo, choncho nduna ya zachuma imapereka bajeti kumayambiriro kwa chaka. Ikatero, aphungu amagawikana m'magulu a makomiti n'kuunika ndalama za unduna uliwonse pamodzi ndi akuluakulu a maundunawo. Kenako Nyumba yonse imadutsa voti imodziimodzi, ndipo nduna iliyonse imaimirira kuteteza ya unduna wake. Aphungu akapanda kukhutira, atha kukana kuti votiyo idutse mpaka nduna ibwere ndi yankho logwira mtima. Malire ake ali mu gawo 57: phungu sangawonjezere yekha ndalama pa ntchito ina popanda chilolezo cha nduna ya zachuma. Atha kukana, kuchedwetsa ndi kukakamiza, koma sangalembe yekha mlatho wanu mu bajeti. Nthawi yabwino yoti mlathowo ulowe ndi bajeti isanafike n'komwe m'Nyumbamo, pomwe khonsolo ndi unduna zikukonza mapulani awo.

Chida chimenechi chikagwiritsidwa ntchito molakwika chimapweteka anthu wamba. Mu 2007, nthawi ya Pulezidenti Bingu wa Mutharika, aphungu otsutsa boma, omwe adali ochuluka, adakana kukambirana bajeti pofuna kuti Sipikala ayambe wachotsa aphungu omwe adasintha chipani motsutsana ndi gawo 65. Bajeti idachedwa miyezi, anthu n'kuyamba kuda nkhawa ndi mankhwala m'zipatala ndi feteleza. Gawo 178 limalola aphungu kuvomereza kuti boma ligwiritseko ntchito ndalama kwa miyezi yosapitirira inayi bajeti isanadutse, koma imeneyi ndi njira yongopumirapo.

Popeza nduna zimayankha kwa Pulezidenti, malamulo adatsegulanso khomo loti iye mwini afunsidwe. Gawo 89 limati Pulezidenti azibwera m'Nyumba ya Malamulo kudzayankha mafunso. Kwa zaka zambiri atsogoleri ankangobwera kudzawerenga uthenga wawo n'kumapita, mpaka mu Seputembala 2020 pomwe a Chakwera adaimirira kuyankha mafunso a aphungu. Kumeneku ndi komwe phungu angafunse mwachindunji chifukwa chomwe nduna yolephera ikusungidwirabe. Lachinayi, lomwe ndi tsiku la nkhani za aphungu paokha, phungu athanso kubweretsa mfundo yoti Nyumba yonse ikambirane ndi kuvotera, ngakhale kuti zomwe agwirizanazo sizimanga boma manja ngati lamulo.

Tsono inu, mayi, ndi anzanu a mu komiti, yambani ndi kupeza mawu enieni omwe nduna idayankhula. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa, ndiye musadalire zomwe phungu adakuuzani pa msonkhano. Mupempheni tsamba la Hansard la tsikulo. Pitani ku khonsolo mukafunse ngati mlathowo uli mu pulani ya chitukuko ya boma lanu ndi mwini wake. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani ku maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, choncho mutha kulemba kalata yopempha kuti akuuzeni ndalama zomwe zidaikidwa ndi zomwe zidatuluka, ndipo sungani kope lodindidwa chidindo cha tsiku lomwe alandira. Mukakhala ndi mapepala amenewa, lemberani phungu wanu kalata yosainidwa ndi komiti yonse pamodzi ndi mafumu, yomupempha kuti afunsenso funso la manambala ndi masiku, komanso kuti alipereke lonjezo lija ku komiti yolondoloza malonjezo a boma. Mutha kulembanso chikalata cha madandaulo chopita ku Nyumba ya Malamulo kudzera mwa phungu. Phungu wanu akakhala wa chipani cholamula ndipo akuzengereza kupanikiza nduna ya chipani chake, tumizani kalata yomweyo kwa wapampando wa komiti yoona za zamtengatenga, chifukwa komiti imagwirira ntchito dziko lonse osati dera la wapampando wake yekha. Zonsezi zichitike chaka chisanathe, maunduna asanatseke mapulani a bajeti yoyamba mu Epulo.