Injini ya skuta yang'ambika, nditani?

FUNSO: Akulu, skuta yanga yang'ambika pansi pa injini pafupi ndi bawuti yotulutsira oilo, ikudontha ndikaimika, mnzanga akuti ndingomata guluu, zitheka? Wowerenga, Zomba

YANKHO: Achimwene pepani, koma kaye musailize, oilo akatha injini imagwira mpaka kuphwanyika. Pamalo amenewo nthawi zambiri mng'alu umabwera chifukwa chomanga bawuti mopyola muyezo. Guluu wa epoxy, wolimba uja womatira zitsulo, amagwira pa mng'alu waung'ono ngati mwakhetsa oilo yense n'kutsuka bwinobwino, koma pafupi ndi bawuti ine sindimukhulupirira chifukwa mukamanganso amatseguka. Chitsulocho ndi aluminiyamu ndiye owotcherera mageti asachikhudze, pezani wa makina a TIG, omwe amatha kuwotcherera aluminiyamu, ndipo injini aimasule kaye. Mng'alu ukafika pa mabeyaring'i gulani mbali ina ya injini yolowa m'malo mwa yong'ambikayo basi.